Ndewu ya pa mathithi imandigwira mtima, koma yomaliza ija bwanji ikuoneka ngati gemu?

Bambo_wa_Atatu
Abale, ndithandizeni maganizo. Loweruka magetsi atayaka madzulo, ana anandikakamiza kuti tionerenso Black Panther, ya 2018 ija, pa laputopu ya mayi awo. Ine ndinaionera kale kawiri, ndiye ndimati ndingokhala nawo pang'ono kenako ndikagone. Tulo tinathawa. Ndewu za pa mathithi zija, yoyamba ya mfumu T'Challa ndi M'Baku komanso yachiwiri ya T'Challa ndi Killmonger, ndinapezeka ndakhala kunsonga kwa mpando ngati sindikudziwa amene apambane. Koma itafika ndewu yomaliza ya mu mgodi, pa njanji paja, wamng'ono wanga wa zaka 9 anangoti, "Adadi, izitu ndi za pa PlayStation." Ndipo sananame mwanayo. Anthu omwe aja asanduka tizidole takuda tikugubuduzana mumdima. Filimu imodzi, wotsogolera mmodzi, thumba la ndalama limodzi. Chinavuta n'chiyani? Amene mumadziwa za makamera tatiuzani.

Chimphepo_99
Ndalama zinathera pa zovala, madala. Nkhani yatha.

Kamera_Pamapewa
Ayi Chimphepo, si ndalama. Ine ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe, si za ku Hollywood ayi, koma ntchitoyi mutu wake ndi umodzi. Bambo_wa_Atatu, taganizani zimene zimachitika ndewu ya pa mathithi isanayambe. T'Challa amam'mwetsa mankhwala ochotsa mphamvu. Amamuvula suti ija. Amatsala munthu wamba, chifuwa pamtunda, madzi m'miyendo. Akamenyedwa mukuona nkhope ikukwinyika, mukuona magazi akusakanikira ndi madzi. Chachiwiri, malo mukuwadziwa bwinobwino: uku kuli phompho, uku kuli anthu pa matanthwe, ndipo asilikali a mikondo aja akuyandikira pang'onopang'ono, bwalo likuchepa. Palibe amene akukufotokozerani kuti zinthu zafika poipa, maso anu akuona okha kuti malo opondapo atsala ochepa. Chachitatu, wodula filimu amangokubwezerani kwa mayi ake ndi mchemwali wake Shuri. Mantha amene mumamva aja ndi a pa nkhope ya mayiyo.

Tsopano bwerani mu mgodi. Onse awiri avala zigoba, nkhope palibe. Masuti onse ndi akuda, kusiyana kwake ndi timizere tofiirira ndi tagolide basi, malonso ndi amdima. Kamera ikugwa nawo limodzi m'dzenje, ikuzungulira pamalo pamene munthu wonyamula kamera sangaimepo. Diso la munthu silipusitsika pa zimenezi. Limadziwa kuti thupi la munthu wamkulu likagwa limalemera, ndipo matupi ajawa sakulemera. Palibenso wachibale amene akuonerera.

Ine chaka chatha ndinabwereka drone kuti ndikometse ukwati wina ku Zomba. Ndinajambula galimoto zikuyenda mumzere, tchalitchi kuchokera m'mwamba, zokongola zedi. Titakaonetsa kunyumba kwa eni ake, pamenepo anthu ankangodya mandasi. Pamene anati zii ndi pamene ndinajambula manja a agogo a mkwatibwi akumanga ndi kumasula nsonga ya chitenje nthawi ya malumbiro. Masekondi asanu okha, ndipo kuwala kwake kunali koipa.

NaBanda_ku_Joni
Achimwene a kamera mwalasa. Ndiwonjezere kuti ngakhale mathithi aja si enieni onse. Dziwe lija ndi matanthwe a m'munsi anachita kumanga ku Atlanta, n'kupopera madzi enieni, ndipo zakumwamba zija ndi khamu la anthu akutali anaziwonjezera pa kompyuta. Ndiye vuto si kompyuta payokha. Pa mathithi kompyuta ili kumbuyo, anthu ali kutsogolo. Mu mgodi kompyuta yalowa m'malo mwa anthu.

Chimphepo_99
Chabwino, nanga zipembere zija? Zimenezonso muziikire kumbuyo tione.

NaBanda_ku_Joni
Zipembere sindiziikira kumbuyo, aise. Amene anaonako chipembere ku Liwonde kapena ku Majete akudziwa kuti sichithamanga ngati galu wa pakhomo. Koma pamene chinaima n'kunyambita Okoye, mkulu wa asilikali aakazi uja, kumaso ndinaseka, ndisaname.

Injiniya_Wosalembedwa
Pa za kompyuta ndiyankhepo pang'ono. Zithunzi zoterezi sazipanga anthu a kampani imodzi. Amagawa ntchito ku makampani ambiri m'mayiko osiyanasiyana, ndipo tsiku lotulutsa filimu amakhala atalengeza kalekale, silisuntha. Mabwana akasintha maganizo pa mathero kutatsala miyezi yochepa, amene amagona pa ofesi ndi achinyamata a pa makompyuta aja. Chimene chimadya nthawi kwambiri pa ntchito imeneyi ndi kuwala, mithunzi ndi kulemera kwa thupi, zomwe zija Kamera_Pamapewa akuti zikusowa. Mu 2022 ambiri ogwira ntchitoyi anadandaula poyera za kupanikizidwa ndi nthawi pa mafilimu a Marvel, kampani imene inapanga filimuyi, ndipo mu 2023 amene analembedwa ndi Marvel yeniyeniyo anavota kuti alowe bungwe la apantchito. Ndiye mukaona chithunzi chosapsa, kawirikawiri si kuti ophikawo sadziwa kuphika, nkhali anaiphula msanga.

Mphunzitsi_Wopuma
Ana anga, mwafotokoza bwino za maso. Ine ndikuona kuti vuto linayambira pa cholembera, kamera isanayatsidwe n'komwe. Funsani kuti ndewu iliyonse ikuweruza mlandu wanji. Yoyamba ikufunsa ngati mnyamatayu angakwane pa mpando wa bambo ake. Yachiwiri ikufunsa ngati tchimo la bambo lingagwere mwana, ndipo likumugweradi, mpaka kuponyedwa kuphompho. Nanga yachitatu? Pofika pamenepo mlandu unatha kale. Unathera kumizimu, pamene T'Challa anakumana ndi bambo ake kachiwiri n'kuwauza m'maso muli gwa, pamodzi ndi mafumu onse akale, kuti analakwa potseka zitseko ndi kusiya mwana wamasiye kunja. Munthu wasintha kale mtima. Chatsala n'kungochotsa winayo pa mpando, ndipo tonse tikudziwa kuti amuchotsa. Ngakhale akanajambula ndi kamera yochokera kumwamba, ndewu imeneyo ikanakhalabe yopanda mchere.

Chinthu china chimene ambiri sachiona ulendo woyamba. Filimuyi imayamba ngati nthano ya pamoto. Mdima, kenako mawu a mwana akupempha bambo ake kuti amuuze nkhani ya kwawo. Kwathu kuno tikanati "padangokhala" enawo n'kuvomera "tili tonse". Aliyense amaganiza kuti ndi T'Challa ndi bambo ake. Si iwo. Ndi N'Jobu, mchimwene wa bambo a T'Challa, akuuza mwana wake Erik, amene adzakhale Killmonger. Ndiye kuti Wakanda yense, dziko la m'filimuyi, amene tikumuona poyamba tikumuonera m'makutu mwa mwana amene sanafikeko. Nditazindikira zimenezi ndinabweza filimu n'kuyambanso.

Mtsikana_wa_Area25
Eee, aphunzitsi, mwandiwonongera tulo. Ndakhala ndikuganiza kuti ndi T'Chaka, bambo a T'Challa, zaka zonsezi!

Bambo_wa_Atatu
Inenso sindinadziwe. Ndiye n'chifukwa chake nthano ikangotha amatipititsa ku Oakland mu 1992, ana akusewera mpira wamanja panja pa nyumba zosanja?

Mphunzitsi_Wopuma
Ndi momwemo bambo. Ndipo Ryan Coogler, amene anatsogolera filimuyi n'kuilemba pamodzi ndi Joe Robert Cole, kwawo ndi ku Oakland komweko. Sanasankhe mzindawo mwangozi. Chipani cha anthu akuda cha Black Panther chinabadwira komweko mu 1966, chaka chomwenso Black Panther wa m'makomiki anaonekera koyamba m'mabuku a Stan Lee ndi Jack Kirby. Mnyamata wa ku Oakland analemba za mnyamata wa ku Oakland amene amalota za Africa. N'chifukwa chake mdani wa m'filimuyi ali ndi moyo kuposa mfumu.

Wakwiya_Kale
Mdani wake uti? Ine mawu amenewo ndimakana. Killmonger ankanena zoona kuyambira ku museum kuja mpaka kumapeto. Anafunsa mayi uja kuti zinthu izi makolo anu anazipeza bwanji, anagula? Mu 1897 asilikali a Britain anafunkha mzinda wa Benin ku Nigeria, ndipo zosema zambiri zamkuwa zikadali ku London mpaka lero. Akunama pati? Koma olemba anachita mantha. Anaona kuti mnyamatayu akuwina mtsutso, ndiye anayamba kumupaka matope: awombere chibwenzi chake, akanyange gogo pakhosi, awotche munda wa mankhwala. Kuti ife tinene kuti eya, ndi woipadi. Kenako munthu wa CIA, bungwe la akazitape a ku America, ndiye akhale wothandiza kupulumutsa dziko la mu Africa. CIA! Kafunseni a ku Congo za Lumumba.

Chimphepo_99
Dzina lanu likukukhalani, akulu.

Mtsikana_wa_Area25
Wakwiya_Kale, za CIA ndikugwirizana nanu, zinandinyansa ndithu. Koma zoti anamupaka matope ayi. Onaninso zipsera zili thupi lonse zija, chilichonse ndi munthu amene anapha, ndipo mwini wake akunena kuti ena mwa iwo ndi abale ake a mu Africa momwemuno. Anamuphunzitsa ntchito ndi omwewo amene mukuwadawo, ntchito yogwetsa maboma. Kuwotcha munda kuja ndi zimene anaphunzira: ukalanda dziko, uonetsetse kuti pasadzakhalenso wina pambuyo pako. Munthu akhoza kudziwa bwino matenda koma mankhwala ake n'kukhala chiphe.

Ndipo chimene chimandiwawa n'chakuti aliyense amati Killmonger anatsegula maso a T'Challa. Nanga Nakia? Kuyambira koyambirira, atangochoka kopulumutsa amayi aja m'nkhalango ya ku Nigeria, akumuuza kuti dziko lathu lili ndi chuma, tithandize anzathu, tilandire othawa nkhondo. Mfumu inangomwetulira chifukwa imamufuna banja. Mpaka pabwere mwamuna, aphe anthu, ndiye mfundo yomwe ija imveke. Zimenezi tinazizolowera ngakhale pa misonkhano ya kumpingo.

NaBanda_ku_Joni
Achemwali, bwerezani mokweza amve akumbuyo.

Wakwiya_Kale
Za Nakia ndavomera. Koma mathero ake ndi chiyani? Mfumu yagula nyumba zosanja ku Oakland kuti itsegule malo ophunzitsira ana, kenako yakalankhula ku United Nations. Ndiye kuti zaka mazanamazana za ukapolo yankho lake ndi pulojekiti ya bungwe lachifundo? Ife mapulojekiti timawadziwa, amabwera ndi galimoto zoyera n'kupita.

Mphunzitsi_Wopuma
Pamenepo sindikutsutsani kwambiri, mwana wanga. Kampani imene ikufuna kugulitsa matikiti dziko lonse singalole mathero amene inu mukufuna. Chodabwitsa n'chakuti analola funsolo kufunsidwa n'komwe.

Malume_a_ku_Dedza
Ine pepani ndikhotetse pang'ono. Chimene ndinkaganiza nthawi yonse ndikuonera n'chakuti mlandu umenewu ukanabwera pa bwalo la kwathu, Killmonger sakanaloledwa n'kuyankhula komwe. Mwana wa mchimwene wa mfumu? Kwa ife Achewa ufumu umatsata kuchikazi, amalowa ndi mwana wa mlongo wake wa mfumu, ndipo amayi a mbumba ndiwo amakhala pansi n'kuloza munthu. T'Challa yemweyo sakanalowa. Mnyamata wa ku America uja akanauzidwa kuti kwanu ndi kwa amayi ako, bwerera.

Jere_wa_ku_Mzimba
Malume, kwanuko. Kwathu kwa Angoni mwana ndi wa bambo. Atafika ndi mphete ya agogo ake pakhosi, n'kutchula dzina la bambo ake pamaso pa madoda, palibe angamuthamangitse. Mpando mwina sangaupeze, koma malo okhala ndi ng'ombe za bambo ake angamupatse. Chimene chinandipweteka ine n'chakuti palibe ngakhale mmodzi m'bwalo lija amene anati, mwana wathu wabwera, mupatseni madzi akumwa.

Malume_a_ku_Dedza
Madzi akumwa munthu wabwera ndi mtembo m'thumba?

Jere_wa_ku_Mzimba
Mtembo wa mdani wawo amene anawasowetsa mtendere zaka 30! Imeneyo ndi mphatso, malume. W'Kabi, mnzake wa T'Challa, anaona choncho, n'chifukwa chake anatembenuka.

Kamera_Pamapewa
Akuluakulu, za maufumu zikatha mutiitane. Koma poti mwafika pa mpando, taonani mmene anajambulira Killmonger akupita kukakhalapo. Kamera ikumutsatira kumbuyo ili chadodolido, denga pansi, pansi kumwamba, kenako ikutembenuka pang'onopang'ono mpaka iye atafika pa mpando. Palibe amene wanena kuti dziko latembenuzika. Mimba yanu ndiyo yamva. Wojambula anali Rachel Morrison, mayi woyamba kupikisana nawo pa Oscar ya kajambulidwe, ngakhale kuti inali ya filimu ina.

Kwina kumene ndimabwereza kambirimbiri ndi ku nyumba ya juga ya ku Busan. Ndewu ikangobuka kamera sidula. Imadutsa kwa Nakia, Okoye ndi T'Challa, kukwera m'mwamba ndi kutsika pansi, ngati munthu mmodzi akuthamanga pakati pa chipwirikiti. Kunena zoona ndi zidutswa zingapo zimene anazisoka mochenjera, msoko amaubisa pamene chinthu chadutsa pafupi ndi kamera. Koma kuti zitheke aliyense ayenera kudziwa phazi lake liponda pati ndiponso pa sekondi iti. Mmodzi akaphonya, nonse mukuyambiranso. Coogler anachitaponso zotere mu Creed mu 2015, nkhonya za mu ring popanda kudula. Ndiye munthuyu ndewu amaidziwa kujambula. N'chifukwa chake ya mu mgodi ija imandiwawa kwambiri, sikuoneka ngati dzanja lake.

Telala_wa_mu_Limbe
Pa Busan pomwepo onaninso zovala. Okoye wavala zofiira, T'Challa zakuda, Nakia zobiriwira. Akamalowa atatu aja ndi mbendera ya umodzi wa anthu akuda ikuyenda, mitundu yomwenso ili pa mbendera yathu. Coogler ananena yekha kuti anachita dala. Ndipo Chimphepo, poti mumanyoza zovala, Ruth Carter anatenga Oscar mu 2019 chifukwa cha zimenezi, Hannah Beachler anatenga ya kamangidwe ka malo, ndi Ludwig Göransson ya nyimbo. Ine monga wosoka ndimaona kuti zovala zija zikugwira ntchito ya wofotokozera. Mafuko asanu, ndipo palibe nthawi yoti akuuzeni mbiri ya lililonse. Ndiye a m'malire avala mabulangete a Abasotho, a kumtsinje zobiriwira ndipo mkulu wawo ali ndi mbale pa mlomo ngati a ku Ethiopia, a kumigodi zofiira ndi tsitsi lopaka dothi ngati Ahimba a ku Namibia, Ajabari a M'Baku ubweya ndi mitengo. Chisoti cha mayi a mfumu anatengera cha amayi okwatiwa Achizulu, koma anachiumba ndi makina a 3D. Nkhondo ikabuka simufunsa kuti uyu ali mbali iti.

Wakwiya_Kale
Ndiye kuti Africa yense amuthira mu mphika umodzi n'kuvundula. Msotho, Mmasai, Mhimba, onse mudzi umodzi. Azungu amaganiza kale kuti Africa ndi dziko limodzi, apa tawathandiza.

Telala_wa_mu_Limbe
Ndi dziko lopeka, akulu. Mumafuna atengere za mtundu umodzi kuti enawo adandaule? Ine chimene ndinaona n'chakuti chaka chimenecho anyamata amene ankanyoza chitenje anayamba kubwera kudzasoketsa malaya a kolala yoimirira.

NaBanda_ku_Joni
Za mphika umodzi zili ndi kachoonadi pa chilankhulo. Ine ndinaonera ku Johannesburg ndi anzanga a kuntchito, awiri mwa iwo Axhosa. John Kani akayankhula, holo yonse kukuwa, chifukwa ndi chilankhulo chake, ndipo ndi iyeyo anachibweretsa pamene ankasewera T'Chaka mu 2016. Koma ena aja akayesa, anzanga ankatsinana n'kumaseka chamumtima. Kenako M'Baku akutulukira ndi kayankhulidwe ka ku Nigeria. Mapiri omwewo, dziko lomwelo!

Koma ndikuuzeni chimene chinandisangalatsa. Gogo wa fuko la kumigodi uja, amene amakhala m'bwalo la mfumu, ndi Connie Chiume. Anabadwira ku South Africa koma bambo ake anali ochokera ku Nkhata Bay. Anatisiya mu 2024. Ndiye tikamati ku Wakanda kunalibe Mmalawi tizinena mosamala.

Jere_wa_ku_Mzimba
Dzinalo lokha likuchitira umboni. Chiume ndi wa kunyanja ameneyo.

Mtsikana_wa_Area25
Zoseka Axhosa zija ifenso tinazilawa pa filimu ya William Kamkwamba imene anajambula ku Wimbe, ku Kasungu. Chichewa cha akuluakulu ena mmenemo tinkachita kuwerenga mawu a Chingerezi pansi kuti timve Chichewa chathu chomwe. Koma anthu akunja analira nayo, sanamve kusiyana. Ndiye mwina zimenezi zimapweteka eni chilankhulo okha.

Vidiyo_Shoo_Veteran
Inu mukukamba za Chixhosa, ine Black Panther ndinaionera koyamba m'Chichewa! Mu shedi ya malata, benchi ya thabwa limodzi, jenereta ikulira kuseri. Womasulira uja anangoganiza zake, anawapatsa mayina ake, M'Baku anasanduka mkulu wa zigawenga za kumsika, ndipo nthawi zonse Okoye akakweza mkondo iye ankakuwa kuti mayi awa sadya zachabe. Nkhani ya Oakland yonse anaidumpha, anangoti awa ndi ana a ku Joni. Koma chodabwitsa, pamene Killmonger anakumana ndi bambo ake kumizimu, mkulu uja anasiya nthabwala. Anangoti, "Apa ndiye pavuta," n'kukhala chete mpaka chithunzi chinatha. Shedi yonse zii, jenereta yokha.

Mphunzitsi_Wopuma
Womasulira ameneyo anali ndi nzeru. Chithunzi chimenecho ndicho mtima wa filimu yonse, ndipo chilibe nkhonya ngakhale imodzi. T'Challa akapita kumizimu amapeza dambo lalikulu, mtengo, thambo lofiirira, makolo ake onse ali pomwepo. Killmonger akapita amapezeka m'kachipinda komwe kaja ka ku Oakland kumene anapeza bambo ake atafa. Thambo lofiirira lija likuonekera pa windo, kunja, iye ali m'kati. Ngakhale atamwalira, bambo ake sanafike kwawo. Ndiye wodula filimu akumusinthasintha, pano ndi mwana, pano ndi wamkulu, pano ndi mwananso. Mwanayo akuyankha mouma mtima ngati wamkulu, wamkuluyo ndiye akugwetsa msozi. Ine ndaphunzitsa ana amasiye ambiri pa zaka zanga za m'kalasi, kuuma kumeneko ndimakudziwa.

Wa_Ngoma_ku_Chipata
Moni nonse kuchokera kuno ku Zambia. Palibe amene wanena za makutu, ndiye ndinene ine. Tsekani maso muonere ndi makutu okha, mudzadziwabe amene walowa. T'Challa ali ndi kang'oma kolankhula ka ku Senegal, kaja amakapanira m'khwapa n'kumakafinya kuti mawu akwere kapena atsike. Amakaimba ndi Massamba Diop, ndipo kakutchula dzina la mfumuyo. Killmonger ali ndi chitoliro cha Afulani chosakaniza ndi mabiti olemera a hip hop ya ku America. Chitoliro ndi magazi a bambo ake, mabiti ndi msewu umene unamulera. Pamene wakhala pa mpando paja mabiti aja amameza china chilichonse, ng'oma za Wakanda osamvekanso.

Göransson ndi wa ku Sweden, koma sanangokhala mu studio. Anapita ku Senegal n'kuyenda ndi Baaba Maal, amene mawu ake mumawamva ndege ikamalowa mu Wakanda. Anapitanso ku nkhokwe ya nyimbo za mu Africa ku Grahamstown (panopa Makhanda) ku South Africa, imene anayambitsa Hugh Tracey, mzungu amene anazungulira ndi makina ake kujambula nyimbo za m'midzi kuno ku Zambia ndi kwanu ku Malawi m'zaka za m'ma 1950. Sindikunena kuti ng'oma zathu zili m'filimu ayi, ndikungoti anakafika pakhomo pamene zimasungidwa.

Chimphepo_99
Ndiye mzungu wa ku Sweden watenga Oscar ndi ng'oma za ku Senegal. Wakwiya_Kale, bwerani kuno, nkhani yanu iyi.

Wakwiya_Kale
Ndatopa, aise. Lero ndakwiya mokwanira.

Injiniya_Wosalembedwa
Tibwerere ku funso la Bambo_wa_Atatu. Ndikuganiza kuti opanga filimu ankadziwa okha vuto la zigoba. Taonani nzeru imene anapeka: sitima ikamadutsa, zida za m'mbali mwa njanji zimafooketsa vibranium, chitsulo chimene anapangira masuti, ndiye masuti aja n'kumang'ambika, nkhope n'kumaonekera. Ndiye kuti anachita kupanga chifukwa choti tione maso a anthu pakati pa ndewu. Maganizo abwino, koma nkhope yeniyeni yomatidwa pa thupi la pa kompyuta imaoneka ngati chithunzi cha pa chiphaso chomata ndi guluu.

Kamera_Pamapewa
Eya, ndipo umboni wake ndi zimene zimatsatira. Mpeni ukangolowa, phokoso lonse limatha. T'Challa akumunyamula mbale wake kupita naye pakamwa pa phanga kuti akaone dzuwa likulowa, lija bambo ake ankamuuza ali mwana kuti kulibe lokongola ngati la kwawo. Kamera yaima. Anthu awiri, kuwala kwa madzulo pa nkhope, wina akupuma movutika. Akukana kuchiritsidwa kuti akakhale m'ndende, akusankha kutsatira makolo ake amene anadziponya m'nyanja pa zombo za akapolo. Dzuwa limenelo nalonso ndi la pa kompyuta, koma ndani anadandaulapo?

Mtsikana_wa_Area25
Ine panopa sindithanso kuonera chithunzi chimenecho bwinobwino. Chadwick Boseman, amene anasewera T'Challa, anamupeza ndi khansa ya m'matumbo mu 2016, ndiye kuti ndewu zonse za pa mathithi zija ankajambula akudwala, osauza anthu. Anamwalira mu 2020 ali ndi zaka 43. Ukamamuona wagwada pambali pa munthu amene akufa uja, umasowa kuti ukulirira uti.

NaBanda_ku_Joni
Musatero achemwali, ndili pa basi.

Malume_a_ku_Dedza
Komabe ine ndikuti Shuri ndiye anayenera kuloza mfumu kuyambira pachiyambi. Mapeto ake mu filimu yachiwiri ya 2022 zinthu zinagwera kwa iye yemweyo. Achewa tinaona patali.

Jere_wa_ku_Mzimba
Malume, onerani mpaka mayina atadutsa. Kuli kamnyamata kumeneko, ndipo ndi ka bambo ake.

Bambo_wa_Atatu
Zikomo nonse, sindinayembekeze kuti funso langa lifika mpaka ku Mzimba. Usiku wathawu ndinabwezanso poyambira paja, ndinakweza mawu, n'kufunsa ana kuti akulankhulayo ndi ndani. Wamkulu anati T'Challa. Wapakati anati T'Challa. Wamng'ono uja wa PlayStation anati, "Ndi Killmonger ali mwana, simukumva kuti akuyankhula Chizungu cha ku America?" Ndinamuyang'ana osanena kanthu. Kenako anandifunsa kuti bambo ake atafa, anamulera ndani, poti filimu sinanene. Ndinati mwina aboma. Akuti nanga amalume ake aja anali ndi ndege, bwanji sanangomukweza, malo analipo ambiri. Aphunzitsi, limeneli ndakusungirani inu, ine ndinangomuuza kuti akatsuke m'mano.